Za Mtima wa Mnofu ndi Manambala Awiri a m'Buku la ku Chipatala

Mwezi wa June ndiwo mwezi umene Eklezia anaupatula kuti ukhale wa Mtima Woyera wa Yezu. M'nyumba zambiri za Akristu a ku Nsanama, ndi m'matchalitchi ang'onoang'ono a kumidzi, chithunzi cha Mtima umenewu chili pa khoma: mtima wozengedwa ndi minga, wa bala pambali, moto uli lawilawi pamwamba pake. Mwambo woulemekeza unafala kwambiri kudzera mwa sisitere wa ku France, Marguerite-Marie Alacoque Woyera, amene Ambuye anamuonekera ku Paray-le-Monial m'zaka za 1673 mpaka 1675. Papa Pius XII anaulembera kalata yaikulu mu 1956, ndipo Papa Francis analembanso ina mu October 2024. Apapa awiri onsewa anagogomeza mfundo imene Akristu ambiri amaiphonya, yakuti Mtima umenewu si fanizo chabe ayi, koma mtima weniweni wa mnofu, umene unayamba kugunda m'mimba mwa Maria Virigo, umene unkagunda mofulumira pokwera mapiri a ku Yudeya, umene unaleka kugunda pa Lachisanu Loyera, msilikali naubaya ndi mkondo.

Tsono ngati Mwana wa Mulungu sananyoze kukhala ndi mtima wa mnofu, mkristu sayenera kuuyesa wake chinthu chachabe. Alipo anthu opembedza ndithu, osaphonya Misa, amene amati za thupi n'za pansi pano, ndipo kuti munthu wa chikhulupiriro angosamala mzimu wokha. Mau otere amamveka ngati oyera, koma si a Eklezia. Ngakhale ana okonzekera Ukaristia woyamba amaphunzitsidwa kuti lamulo lachisanu la Mulungu sililetsa kupha munthu wina kokha. Liletsanso munthu kuononga moyo wake womwe, kaya ndi chingwe, kaya ndi kachasu, kaya ndi mphwayi. Mwini moyo ndi Mulungu, munthu ndi kapitawo woikizidwa chabe, ndipo kapitawo adzafunsidwa. Mu November 1957, polankhula ndi madokotala, Papa Pius XII yemweyo anaphunzitsa kuti munthu sakakamizidwa kutsata njira zolemetsa kopitirira muyeso kuti atalikitse moyo wake, koma njira wamba, zimene angathe kuzipeza ndi kuzisenza, ali nazo mangawa. Kupereka mkono kuti anamwino auyeze, ndi kumeza kambulu ka mankhwala m'mawa uli wonse, ndi njira wamba koposa zonse.

Mtima wa munthu ukulu wake ndi ngati nkhonya yake. Ndi mnofu wa mphamvu umene umafinyika ndi kumasuka usana ndi usiku, pafupifupi ka 100,000 pa tsiku, kukankha magazi okwana ngati malita 5 kuti azungulire thupi lonse, nabwererenso. Mlimi amatula khasu, ng'ombe imamasulidwa pa ngolo, koma wantchito ameneyu sanapumeko chiyambire tsiku limene Mulungu anamuyambitsa.

Nthenda imene imamuzunza kawirikawiri anthu amaitcha BP, kapena kuthamanga kwa magazi. Dzina lachiwirili lasokeretsa ambiri, pakuti munthu amagwira pa chifuwa, namva mtima ukugunda pang'onopang'ono, nati, "Magazi anga sakuthamanga." Koma chimene chimayezedwa si liwiro la magazi ayi, ndi mphamvu imene magaziwo amakankhira zipupa za mitsempha imene akuyendamo. Mnyamata ali yense wa kabaza pa msika wa Nsanama amaidziwa nkhani imeneyi ngakhale sanaphunzire za udokotala. Tayala likhale ndi mpweya wokwanira, njinga imayenda bwino. Akalipopa kopitirira, poliona kunja lili bwinobwino, ndipo limanyamula thumba la chimanga mpaka ku Ntaja osavuta. Koma chubu chili m'kati chikuvutika, ndipo tsiku lina, pa malo pamene panali popyapyala, chidzaphulika popanda kutsazika. Mitsempha ya munthu imatero.

Manambala awiri

Anamwino akamanga lamba pa mkono, lamba uja nafufuma, nafinya, naphwa, amalemba m'buku la ku chipatala manambala awiri, wina pamwamba, wina pansi, monga 120/80. Odwala ambiri amalandira bukulo, nalipinda, naliika m'chitenje kapena m'thumba la malaya, osadziwa kuti mwalembedwa chiyani. Ena amaopa kufunsa, poganiza kuti n'chipongwe. Safunsa anadya phula. Thupi ndi lake, bukunso ndi lake, kufunsa mwaulemu kuti, "Kodi lero manambala anga ali bwanji?" si kulakwa.

Nambala ya pamwamba imanena mphamvu ya magazi pa nthawi imene mtima wafinyika ndi kuwakankha. Ya pansi imanena mphamvu imene imatsala m'mitsempha pamene mtima wamasuka, ukudikira kugunda kwina. Munthu wamkulu amene ali bwino manambala ake amakhala cha m'ma 120/80 kapena kutsikirapo pang'ono. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, limati munthu ali ndi nthendayi ngati nambala ya pamwamba ifika 140 kapena kupitirira, kapena ya pansi ifika 90 kapena kupitirira, poyezedwa pa masiku awiri osiyana. Mau akuti "kapena" asaphonyedwe: nambala imodzi yokha ikakwera, nthenda ilipo. Agogo amene buku lao lalembedwa 165/80 asadzitonthoze ndi 80 wa pansiyo. Manambala akafika 180/110 kapena kupitirira, imeneyo si nkhani yodikira mwezi wa mawa. Ndipo ngati pamodzi ndi manambala oterewo pali kupweteka kwa pa chifuwa, kubanika, kusaona bwino, kapena kusokonezeka mutu, munthuyo afunika thandizo tsiku lomwelo. Makina ambiri a masiku ano amaonetsanso nambala yachitatu, yonena kuti mtima ukugunda kangati pa mphindi imodzi. Kwa munthu wamkulu amene wakhala pansi imakhala pakati pa 60 ndi 100. Imeneyo ndiyo ya liwiro, ndipo isasokonezedwe ndi ziwiri zija.

Chifukwa chake amati masiku awiri osiyana n'chakuti mphamvu ya magazi siikhala pamodzimodzi. Imakwera munthu akathamanga, akakwiya, akamva ululu, ngakhale akangochita mantha poona chovala choyera cha dokotala. Chotero mai amene wayenda mtunda wautali pa dzuwa, mwana ali kumbuyo, asapereke mkono ali wefuwefu. Akhale pansi mphindi 5, msana utatsamira, mapazi ali pansi, mkono uli pa tebulo. Akhale atataya madzi, asanasute fodya kapena kumwa khofi kwa theka la ora. Ndipo pamene lamba akufinya asalankhule. Lamba ameneyu si chinthu cha dzulo: anamukonza ndi dokotala wa ku Italy, Scipione Riva-Rocci, mu 1896, ndipo mu 1905 dokotala wa ku Russia, Nikolai Korotkoff, anapeza njira yomvetsera magazi pa mkono kuti manambala onse awiri adziwike. Papita zaka zoposa 100 mboni imeneyi ikunena zoona.

Mboniyo ifunika chifukwa nthendayi siilankhula. Malungo amabwera ndi kutentha thupi, chifuwa chachikulu ndi kutsokomola, koma BP imatha kukhala mwa munthu zaka 10 iye akulima, akuvina, akuimba m'kwaya. Ambiri amati amaimva ikakwera, chifukwa mutu umawawa kapena kumbuyo kwa khosi kumalemera. Mutu umawawa pa zifukwa zambirimbiri, ndipo anthu ochuluka a manambala oopsa samva chili chonse. Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi WHO unayeza anthu a zaka 25 mpaka 64 m'dziko lonse la Malawi, nupeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu ali onse anali ndi mphamvu ya magazi yokwera, ndipo mwa amenewo oposa 9 mwa 10 sankadziwa. Wina aganizire za tchalitchi lodzaza pa Lamulungu, nawerenge akuluakulu atatuatatu pa benchi. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Nsanamira imene yadyedwa ndi chiswe imaoneka yolimba kufikira usiku wa mphepo.

Apa nthendayi ifanana ndi tchimo lozolowereka. Munthu amene wakhala zaka zambiri m'tchimo limodzi salimvanso kulemera. Amagona tulo, nati ali bwino. N'chifukwa chake Eklezia samuuza kuti akalape pamene wamva kuwawa kokha, koma amamuphunzitsa kufunsa mtima wake ndi muyeso wa malamulo a Mulungu, osati ndi m'mene akumvera. Mkristu wozolowera kufunsa mtima asanapite kolapa sayenera kudabwa pouzidwa kuti mtima wa mnofu nawonso ufunsidwe ndi muyeso, ngakhale iye akumva bwino. Munthu wamkulu ali yense, makamaka wopitirira zaka 40, ndi amene makolo ake anadwala nthendayi, ayezetse kamodzi pa chaka ngakhale sakudwala.

Hamala imene palibe anainyamula

M'zaka zimene nthendayi ili chete, ntchito yake imaigwira. Mtima, pokankha magazi movutika, mnofu wake umanenepa ndi kuuma, pambuyo pake nutopa. Pamenepo munthu amabanika pokwera kachitunda, amalephera kugona chagada, miyendo nitupa. Impso, zimene zimasefa magazi, zimaonongeka pang'onopang'ono. Maso amachita chidima. Ndipo tsiku lina mtsempha wa mu ubongo umaphulika kapena kutsekeka, munthu nagwa pa khonde, pakamwa patapotoka, mkono ndi mwendo wa mbali imodzi zitafa. Imeneyo ndiyo sitiroko.

Chimene chimatsatira m'midzi yambiri n'chomvetsa chisoni kuposa nthenda yomwe. Anthu amati, "Dzulo lomweli anali kumunda, nthenda yanji yotere? Amumenya ndi hamala." Maso onse natembenukira kwa gogo wina wamasiye wa kumapeto kwa mudzi, kapena kwa mbale amene anakangana naye malire a munda. Hamala imeneyo palibe anainyamula. Inali m'mitsempha ya munthuyo kwa zaka zambiri, ndipo lamba wa pa mkono akadaionetsa m'mphindi ziwiri. Kumene zonenezana zotere zimafikitsa, dziko lonse linakuona mu January 2016, pamene okalamba anai anaphedwa ku Neno powaganizira ufiti mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Mkristu amene aloza chala munthu wosalakwa chifukwa cha sitiroko waphwanya lamulo lachisanu ndi chitatu, loletsa umboni wonama. Ndipo ngati mau ake adzetsa magazi, waphwanyanso lachisanu. Mkatekisti amene atsogolera mwambo wa maliro otere asachite manyazi kunena poyera dzina la nthenda, banja likalola, pakuti mwina mau ake angapulumutse anthu awiri: gogo woganiziridwayo, ndi mwana wa malemu amene nayenso ali nayo nthendayi osadziwa.

Zoyeza zina

Amene manambala ake akwera kwambiri, kapena amene ali ndi zizindikiro za mtima wotopa, amatumizidwa ku chipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka, ndipo ena amapitirira mpaka ku Zomba kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Kumeneko angathe kukumana ndi zoyeza zina. Mkodzo amauyeza kuti aone ngati impso zayamba kudontha; magazi amawayeza kuti aone ngati impsozo zikusefa bwino, ndiponso ngati pali matenda a shuga, pakuti shuga ndi BP zimakonda kuyendera limodzi, ndipo zikakumana zimaononga msanga.

China ndi ECG. Wodwala amagona, namuika timawaya 10 pa chifuwa, m'manja ndi m'miyendo, makina nalemba mizere yokwera ndi yotsika pa pepala. Pakuti mphekesera za anamapopa zinasautsa maboma ena a kum'mwera mu 2017, kuyenera kunenedwa momveka kuti timawayato sitikoka magazi, sitilowetsanso magetsi m'thupi. Timangomvetsera kamphamvu kakang'ono kamene mtima womwe umatulutsa pogunda. Anapeza njira imeneyi ndi Willem Einthoven wa ku Holland, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1924. Pa pepalalo dokotala amaona ngati mtima ukugunda mwa dongosolo kapena modumphadumpha, ngati mnofu wake wanenepa, ndiponso ngati mbali ina inavulalapo posowa magazi. Koma ECG siiyeza BP. Wina akauzidwa kuti pepala lake lili bwino, asamve ngati wauzidwa kuti wachira. Wauzidwa kuti nthenda siinafike poononga mtima moonekera, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yabwino yoigwira.

Palinso kuunika mtima kumene madokotala amakutcha echo, kofanana ndi kumene amaunikira amai oyembekezera. Kumaonetsa ukulu wa mtima, kuchindikala kwa zipupa zake, tizitseko take tinai ngati tikutseka ndi kutseguka bwino, ndi mphamvu imene ukupopera. Pa zotsatira zake pamalembedwa nambala yonena gawo la magazi limene chipinda chachikulu cha mtima chimatulutsa pa kugunda kumodzi. Nambala imeneyi si malikisi a mayeso a kusukulu. Mtima wa bwino sutulutsa magazi onse. 55 kapena 60 pa 100 ndiye kuti uli bwino ndithu, ndipo ikatsika pansi pa 40 ndiye kuti mtima wafooka. Mau akuti "mtima wakula" nawonso amaopsa anthu, ena mpaka kuyamba kugawa katundu. Mtima wokula ndi mtima umene wagwira ntchito yolemera nthawi yaitali. Alipo mankhwala oupeputsira katundu, ndipo ambiri amakhala nawo zaka zochuluka. Kwa ana ndi achinyamata vuto la mtima kawirikawiri silichokera ku BP, koma ku zilonda za pakhosi zimene sizinachizidwe, zimene pambuyo pake zimaononga tizitseko tija. Otere amapatsidwa jekeseni wa penicillin mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri, ndipo makolo asatope kuwaperekeza.

Naamani ndi kambulu ka m'mawa

Buku lachiwiri la Mafumu, mutu 5, limasimba za Naamani, mkulu wa ankhondo wa ku Siriya, amene anali wakhate. Anapita kwa mneneri Elisa ndi akavalo, ndi siliva, ndi golide, akuyembekeza kuti mneneriyo atuluka, naitana dzina la Mulungu mofuula, nagwedeza dzanja pa khatelo. Koma Elisa anangotuma munthu kukamuuza kuti akasambe kasanu ndi kawiri mu Yordano. Naamani anapsa mtima, natembenuka kuti azipita kwao, chinthucho chinamuchepera. Anamubweza ndi antchito ake, pomukumbutsa kuti chikadakhala chinthu chovuta akadachichita. Ndipo sanachire pa kusamba koyamba kapena kwachitatu.

Odwala BP ambiri ndi a Naamani. Akadauzidwa kuti agulitse mbuzi ziwiri, akwere phiri, agone kumeneko masiku atatu osadya, akadatero ndi mtima wonse. Koma auzidwa kuti azimeza kambulu koyera m'mawa uli wonse, ndipo kanthuko kawachepera. Amamwa mwezi umodzi kapena iwiri, nabwerera ku chipatala, namva kuti manambala atsika, nati, "Ndachira," naleka. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Mankhwala a BP sali ngati a malungo, amene munthu amamwa masiku atatu nathana nazo. Samachotsa nthenda, amaigwira. Manambala atsika chifukwa munthuyo akumwa, ndipo akaleka adzakweranso mwakachetechete monga kale. Kwa ambiri ndi mankhwala a moyo wonse. Cholinga n'chakuti manambala akhale pansi pa 140/90, ndipo kwa amene ali ndi shuga, kapena vuto la impso kapena la mtima, dokotala angafune kuti atsikirepo. Wochepetsa, wosintha kapena woletsa mankhwala ndi amene anawalemba, osati wodwala, osati mnansi.

N'kwabwino kuti munthu adziwe dzina la mankhwala ake ndi makhalidwe ake. Hydrochlorothiazide, amene ambiri amangoti HCTZ, amakodzetsa, chotero amwedwe m'mawa. Amlodipine amatupitsa akakolo mwa anthu ena. Enalapril amatsokomoletsa ena chifuwa chouma chosatha, ndipo mai woyembekezera sayenera kumwa konse. Zotere zikaoneka, njira yake si kutaya mankhwala kuseri kwa nyumba, koma kubwerera ku chipatala kukanena, pakuti alipo ena osinthira. Mankhwala sabwerekana ngati mchere. Amene athandiza mlamu angathe kupweteka mpongozi. Ndiponso mapiritsi ochepetsa ululu amene anthu amangogula m'magolosale, monga ibuprofen ndi diclofenac, akamwedwa kawirikawiri amakweza BP ndi kuvulaza impso.

N'zoona kuti nthawi zina mankhwala amatha m'zipatala, wodwala nauzidwa kuti akagule yekha. Pamenepo udindo umagwera ana ndi abale. N'chamanyazi kuti banja limene linalephera kusonkha ndalama yochepa ya mankhwala a amai ao pa mwezi, lipeze ndalama zambiri za bokosi lonyezimira ndi ng'ombe ya pa maliro. Miphakati nayonso, imene imadziwa kusonkhera maliro, iphunzire kusonkhera amoyo.

Masiku ano kwabuka alaliki amene amasanjika manja pa wodwala, namuuza kuti wachira, ndipo kuti kumwanso mankhwala ndiko kukayika Mulungu. Ena amagulitsa madzi ndi mafuta. Akatolika ena amapitako usiku, nabwerako atataya mabuku ao a ku chipatala. Eklezia amakhulupirira zozizwitsa, ndipo amapempherera odwala tsiku ndi tsiku. Koma ngakhale ku Lourdes sanena kuti munthu wachira mozizwitsa madokotala asanamuyeze kwa nthawi yaitali. Amene wachiradi saopa lamba wa pa mkono. Yezu mwini, atachiritsa akhate, anawatuma kukadzionetsa kwa amene anali ndi udindo wowayeza. Pamene Satana anamuika pamwamba pa Nyumba ya Mulungu, namuuza kuti adziponye pansi poti angelo amuwakha, Ambuye anakana, pakuti kutero ndiko kuyesa Mulungu. Makwerero otsikira analipo. Kutaya mankhwala amene Mulungu wapereka, n'kumuuza kuti achite chozizwitsa, ndiko kudziponya kumeneko. Buku la Mphunzitsi Sira, mutu 38, limaphunzitsa kuti sing'anga alemekezedwe, kuti mankhwala anawalenga ndi Mulungu kuchokera m'nthaka, ndipo kuti wodwala apemphere, naitanenso sing'anga. Sakramenti la Kudzoza Odwala limapatsa chaulere ndi mphamvu ya kupirira, nthawi zina ndi moyo wa thupi womwe. Koma palibe wansembe amene amadzoza munthu namuuza kuti aleke mankhwala.

Akristu amene amasunga Malachisanu oyamba a mwezi asanu ndi anai motsatana, polemekeza Mtima Woyera, amadziwa kale kuti kukhulupirika ndi chinthu cha masiku oikika, chosadalira m'mene munthu wadzukira. Tsiku la ku chipatala limene lalembedwa m'buku lisungidwe ndi mtima womwewo.

Za mchere ndi zina

Mankhwala amagwira bwino ngati mbale nayonso yasintha. WHO imati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wonse wa m'ndiwo, wa m'chipisi ndi kanyenya wa pa msika, ndi wa mu buledi. Timibulu tokometsera ndiwo tadzaza mchere, ndipo soda wa m'therere amachita m'thupi zimene mchere umachita. Chizolowezi choika kamulu ka mchere pambali pa mbale, munthu asanalawe n'komwe, chithe. Lilime limadandaula milungu ingapo, kenaka limazolowera. Ndipo mai wophika asaphike miphika iwiri. Banja lonse lichepetse, pakuti ana a wodwala ndiwo ali pa mzere. Nkhwani, bonongwe, chisoso, nandolo, nyemba, nthochi ndi mango, zimene ena amaziyesa zakudya za amphawi, ndizo bwenzi la mitsempha. Fodya, wosuta ndi wofwenkha yemwe, amaumitsa mitsempha. Za kachasu sipafunika mau ambiri. Manda ake ali m'mudzi uli wonse.

Mimba yaikulu anthu amaiyesa chizindikiro cha madalitso, koma kwa mtima ndi katundu. Mlimi wa khasu safunika kuuzidwa za kulimbitsa thupi. Mauwa ndi a eni magolosale okhala pa mpando tsiku lonse, a mu ofesi, ndi ansembe omwe amene anazolowera galimoto: ayende pansi mwa changu theka la ora masiku ambiri a pa mlungu. Komabe woonda asadzinamize, pakuti nthendayi imapezekanso mwa alimi oonda ogwira ntchito zolimba. Ambiri amati BP imabwera ndi kuganiza kwambiri. Muli choona pang'ono: nkhawa ndi mkwiyo zimaikweza, ndipo bambo amene amasautsa mkazi wake ndi mowa ndi zibwenzi adziwe kuti akuthandiza kumukumbira manda. Koma mavuto akatha nthenda siitha nawo, ndipo munthu wosadandaula kanthu angathe kukhala nayo.

Amai oyembekezera ali pa ngozi yao yapadera. Kuyambira cha m'mwezi wachisanu, ena mphamvu ya magazi imakwera ngakhale sanadwalepo. Nkhope ndi manja zimatupa, mutu umapweteka kwambiri, maso amaona tinyenyezi, pamwamba pa mimba pamawawa, ndipo pomaliza mai amakomoka ndi kuphupha ngati wa khunyu. M'midzi kutupa kotere amakutcha tsempho kapena mdulo, Ayao amati ndaka, ndipo masiku amatha anamkungwi akufunsa amene walakwa, pamene mai ndi mwana akuyandikira imfa. Alipo mankhwala oyenera amai oyembekezera, monga methyldopa, ndi jekeseni woletsa kukomokako. N'chifukwa chake ku sikelo amayeza mkono ulendo uli wonse, ndipo mai amene waona zizindikiro zimenezi asadikire tsiku lake la sikelo.

Akatekisti ndi atsogoleri a miphakati, pakuti ndiwo amaitanidwa poyamba munthu akagwa m'mudzi, aloweze zizindikiro za sitiroko monga analowezera katekisimu: pakamwa kupotokera mbali imodzi, mkono kapena mwendo kufooka mwadzidzidzi, mau kutuluka movuta kapena mosamveka. Chimodzi chokha mwa zimenezi chikwanira, ngakhale chitatha chokha patapita mphindi zochepa. Wodwalayo asatemedwe mphini, asamwetsedwe madzi, phala kapena mankhwala ali onse, pakuti mwina sangathe kumeza ndipo angatsamwe. Ngati wakomoka agonekedwe cham'mbali. Wina akumbukire nthawi imene zayambira, atenge buku la ku chipatala ndi mapaketi a mankhwala amene amamwa, ndipo ulendo uyambe pomwepo, usana kapena usiku. Wansembe aitanidwe ndithu, koma galimoto kapena njinga yamoto isamudikire. Adzamupeza wodwalayo ku chipatala, mafuta oyera ali m'manja.